Kodi nthaka ikagwedezeka, anthu amaimba nyimbo zotani?

aNambewe ku Salima:
Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi pempho kwa aphunzitsi anzanga a makwaya komanso aliyense amene angathandize. Akuluakulu a pampingo pathu akonza mapemphero okumbukira chivomezi cha pa 10 Malichi 1989, chija chinagwetsa nyumba kuno ku Salima ndi madera oyandikana nawo. Chinapha anthu 9, ndipo anthu pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Kwaya ya ana imene ndimaphunzitsa yauzidwa kuti idzaimbe. Ana angawa ndi adzulodzuloli, ena ngakhale makolo awo anali asanabadwe nthawi imeneyo. Nyimbo za maliro tili nazo zosawerengeka, za njala zilipo, za Edzi tinaimba mpaka mawu kusasa, koma ya chivomezi m'kabuku kathu mulibe. Kodi anzathu a m'mayiko amene nthaka imagwedezeka kawirikawiri amaimba zotani? Ndimve kaye kwa inu ndisanagwire cholembera.

Madalitso wa pa wailesi:
Mayi, zilipo zambiri ndithu. Ndiyambe ndi za ku Haiti poti ndi zimene ife a pa wailesi tinkaziika kwambiri. Chivomezi cha mphamvu 7.0 chinaphwasula mzinda wa Port-au-Prince pa 12 Januwale 2010. Pa 22 Januwale panaulutsidwa pologalamu ya pa TV yotchedwa Hope for Haiti Now, oimba otchuka akuimba, anthu oonera akupereka ndalama pa foni. Mwezi wotsatira Quincy Jones ndi Lionel Richie anasonkhanitsa oimba ambirimbiri n'kujambulanso We Are the World, ija inapekedwa mu 1985 pothandiza anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia. Ku Canada oimba achinyamata anajambulanso Wavin' Flag ya K'naan, ku Britain anajambulanso Everybody Hurts ya gulu la R.E.M. Zonsezi zili pa YouTube, mukhoza kumvetsera n'kuona ngati mungatolemo kanthu.

Bambo a Yamikani:
Pepani ndilowerere ngakhale sindine wa kwaya, ndine mmisiri womanga nyumba. Ine nkhani ya nyimbo pa ngozi ngati izi imandivuta. Munthu nyumba yamugwera, mwana ali gone m'chipatala, mvula ili m'mwamba, ndiye tizimuimbira? Chimene chimapha anthu pa chivomezi ndi khoma, ndipo khoma limagwa malinga ndi mmene tinalimangira. Ndalama zosokera yunifolomu ya kwaya ndi zobwerekera zokuzira mawu, bwanji osagulira simenti n'kukalimbitsa buloko imodzi ya pasukulu?

Lusekelo wa ku Karonga:
Bambo a Yamikani, za makomazo mukunena zoona, sinditsutsa. Koma mundilole ndinene zimene ndinaona ndi maso anga. Mu Disembala 2009 ndinali kwathu. Chinayamba pa 6 Disembala, ndipo sichinali chimodzi ayi, chinkapita n'kubweranso kwa masabata. Cha pa 8 Disembala chinapha mwana wakhanda. Chachikulu, cha mphamvu 6.0, chinabwera pakati pa usiku kucha kwa pa 20 Disembala. Onse amene anamwalira anali 4, ovulala mazanamazana, nyumba zogwa ndi zong'aluka masauzande.

Wina akamva kuti anafa anthu 4 okha amaganiza kuti inali nkhani yaing'ono. Mantha ake musawachepetse. Chimayamba ndi mkokomo wapansi ngati lole yodzaza ndi katundu ikudutsa kuseri kwa nyumba, kenaka malata kulira, mbale kugwa, nkhuku kukuwa m'khola. Palibe amene ankalola kugona m'nyumba, ngakhale amene nyumba yawo inali yosang'aluka. Tinkayala mphasa pabwalo kutali ndi khoma, dzinja limenelo, udzudzu wa kunyanja uli pomwepo. M'minda ina nthaka inang'ambika n'kutulutsa mchenga ndi madzi.

Usiku, nthaka ikangotekeseka pang'ono, ana a m'mudzi monse ankalira nthawi imodzi. Mayi anga ndi a Umanyano. Palibe anawauza kuti aimbe. Ankangoyamba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi imene aliyense amaidziwa, mng'ono wanga ali pamiyendo pawo, dzanja lawo likumusisita pamsana motsata nyimboyo. Kenaka mumamva banja la kuseri kwa mpanda lalandira, lina kumunsi kwa mitengo ya mango lalandiranso. Mumdima umenewo magetsi kunalibe, mafoni anali atatha moto, ndiye mawuwo ndi amene ankatiuza kuti pakhomo pa auje ali moyo. Usiku wina banja lina silinalandire. Bambo anga ananyamuka ndi tochi kukaona, n'kupeza agogo a pakhomopo atagwidwa ndi malungo aakulu, ana okhaokha atawazungulira. Anawatengera ku chipatala pa njinga usiku womwewo.

aNambewe ku Salima:
Achimwene a ku Karonga, zikomo potifotokozera. Ndawerenga kawiri. Ndiye kuti nyimbo imene inakuthandizani sinali yatsopano n'komwe?

Lusekelo wa ku Karonga:
Sinali yatsopano mayi. Usiku ngati umenewo munthu sangaphunzire nyimbo. Imatuluka yokhayo imene ili kale pakamwa.

Thoko ku Japan:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndiyenera ndiyankhule chifukwa kuno kumene ndikuphunzira nkhani imeneyi ndi yaikulu. aNambewe, munthu amene muyenera kumudziwa ndi mphunzitsi mnzanu.

Ku Kobe chivomezi chinachitika pa 17 Januwale 1995, nthawi ili 5:46 m'mawa, anthu ambiri akadali m'tulo. Anafa anthu oposa 6,400. Mphunzitsi wina wa nyimbo pasukulu ya pulayimale, dzina lake Usui Makoto, nyumba yake inagwa ndipo anakasungidwa kwa abale. Patapita masabata ngati awiri anaona pa TV mmene pakati pa mzinda wake panaphwasukira, ndipo analemba nyimbo yotchedwa Shiawase Hakoberu You ni. Sanalembere oimba otchuka, analembera ana a sukulu. Nyimboyo siibisa kuti anthu anafa komanso kuti mzinda unavulala, ndipo ili ndi kaimbidwe kosavuta koti mwana wa Sitandade 3 akhoza kukagwira tsiku limodzi.

Lero padutsa zaka zambirimbiri koma ana a ku Kobe amaiimbabe pa 17 Januwale chaka chilichonse, ana amene sanachione chivomezicho, ofanana ndi anuwo. Amaiimbanso pa mwambo wa magetsi wa Kobe Luminarie umene unayamba mu Disembala 1995 pokumbukira akufa. Madera ena atagwedezeka pambuyo pake, anthu anaitenga nyimbo yomweyo, pamene pali dzina la Kobe n'kuikapo mawu otanthauza kwathu, kuti aliyense aiimbire mudzi wake. Mu 2021 akuluakulu a mzinda wa Kobe anaivomereza kukhala nyimbo ya mzindawo.

Ine ndinaimva ana akuimba pabwalo la sukulu kunja kukuzizira, nthunzi ikutuluka m'kamwa mwawo. Mayi wina wachikulire pafupi nane sankaimba, ankangogwedeza milomo, m'manja atafumbata kachithunzi kakang'ono.

Madalitso wa pa wailesi:
Achemwali a ku Japan, mwandikumbutsa chinthu. Nyimbo zija ndatchula za Haiti zinasonkhanitsa ndalama, izo n'zoona, koma lero ndani amaziimba ku Port-au-Prince? Zinali za Chingerezi, zoimbidwa ku Los Angeles, ku London ndi ku Vancouver, pamene anthu a ku Haiti amayankhula Chikiliyo. Atolankhani amene anafika kumeneko masiku oyambirira ankafotokoza kuti usiku, anthu atagona m'misewu ndi m'mabwalo poopa kulowa m'nyumba, ankaimba nyimbo za kutchalitchi m'chiyankhulo chawo mpaka mbandakucha. N'chimodzimodzi ndi zimene a Lusekelo anena za ku Karonga.

Ndiye mwina tizisiyanitse. Pali nyimbo yoimbira anthu akutali kuti atsegule zikwama zawo, palinso nyimbo imene ovutikawo amadziimbira okha. Yoyambayo imakhala mwezi umodzi pa wailesi n'kuzimiririka.

Bambo a Yamikani:
Nanga ndalama za nyimbo zoyambazo zimafika? Funso langa lagona pamenepo.

Madalitso wa pa wailesi:
Zina zimafika, koma nthawi zina mochedwa kwambiri. Ndikupatseni chitsanzo cha Armenia. Chivomezi cha pa 7 Disembala 1988 chinafafaniza tawuni ya Spitak n'kuphwasula mzinda umene lero ukutchedwa Gyumri. Anafa anthu pafupifupi 25,000. Mu 1989 Charles Aznavour, woimba wa ku France amene makolo ake anali a mtundu wa ku Armenia, anasonkhanitsa oimba anzake n'kutulutsa Pour toi Arménie. Ku London nakonso oimba a magulu a Deep Purple, Queen, Pink Floyd ndi Black Sabbath anajambula nyimbo pansi pa dzina loti Rock Aid Armenia. Mu 2009 awiri mwa iwo, Ian Gillan ndi Tony Iommi, anapita ku Armenia. Gillan atafika ku Gyumri anapeza sukulu ina yophunzitsa nyimbo ikadali m'tizisakasa ta malata tomwe anaimika mongoyembekezera chivomezi chitangochitika. Anayambanso kusonkhanitsa ndalama, ndipo mothandizana ndi boma ndi mabungwe ena sukulu yatsopano inatsegulidwa mu 2013. Werengani nokha, zaka 25.

Ine chimene ndimalemekeza pa nkhani imeneyi n'choti anabwereranso kukaona. Oimba ambiri akajambula vidiyo atavala zakuda, nkhani yathera pomwepo.

Bambo a Yamikani:
Mwaonatu. Mwana amene anali mu Sitandade 1 nthawi ya chivomezi anafika pokhala ndi ana akeake sukulu isanamangidwe.

Abusa opuma ku Nkhoma:
Ana anga, ndakhala ndikukumverani. Ine mu 1989 ndinali kale pa utumiki, ndipo ndikukumbukira mmene anthu anathawira m'nyumba usiku umenewo. Ndili ndi mawu awiri kwa aNambewe.

Oyamba: musalembe nyimbo yonena kuti chivomezi chinali chilango. Zimenezi ndazimva pa maliro ambiri, ndipo zimabaya mtima wa namfedwa kachiwiri. Mayi amene khoma linagwera mwana wake wa chaka chimodzi, mukamuimbira kuti Mulungu wakwiya ndi machimo athu, mwamusenzetsa katundu amene si wake. Mwana uja analakwa chiyani?

Achiwiri: musathamangire chiyembekezo. Ife a mpingo tili ndi chizolowezi choti ndime yoyamba ikangotchula misozi, kolasi yafika kale pa chimwemwe, ng'oma zalira, anthu ayamba kuvina. Koma tsegulani Masalimo. Salimo 46 limakamba za dziko kugwedezeka ndi mapiri kusunthira m'nyanja, ndipo limalimbitsa mtima, inde. Koma Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kutha ndi mdima, popanda mawu achitonthozo kumapeto, ndipo makolo a chikhulupiriro sanalichotse m'buku. Anadziwa kuti pali masiku amene munthu amafuna wina womuthandiza kulira basi. Pa siwa paja amayi sayamba ndi nyimbo zothamanga. Amayamba ndi zachifatse, ndipo zothamanga zimabwera kukamacha, anthu atalira mokwana.

Namwino ku Leeds:
Abusa, mwanena zimene zinali kumtima kwanga. Ndagwirapo ntchito ndi anthu amene anapulumuka pa ngozi zikuluzikulu. Mantha amakhala m'thupi nthawi yaitali ngozi itatha. Mwana wamkulu ndithu amayambanso kukodza pogona, munthu wamkulu chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Kuimba pamodzi kumathandiza chifukwa kumamukakamiza munthu kupuma mwachifatse, kukoka mpweya n'kuutulutsa pang'onopang'ono, ndipo amamva kuti sali yekha. Koma si mankhwala a zonse. Amene sakugona kwa miyezi, amene akuona ngoziyo m'maso usana ndi usiku, ameneyo apite kuchipatala, tisamangomuuza kuti imba ulimbe mtima.

Ndiwonjezere za ku Mexico. Pa 19 Sepitembala 2017 chivomezi chinagwetsa nyumba zosanja mu Mexico City, tsiku lomwelo limene china chinachitika mu 1985. Anthu wamba anakhamukira kukafukula anzawo, akupatsirana zidebe za zigumu pamzere. Akatopa ankaimba Cielito Lindo, nyimbo yakalekale ya kwawo imene aliyense amaidziwa. Koma wofukula mmodzi akangokweza chibakera m'mwamba, aliyense ankakweza chake, ndipo khamu lonse linkangoti zii, oimba, magalimoto, majenereta, kuti amvetsere ngati pansi pa zigumu pali wina akugogoda. Anthu omwewo ankadziwa nthawi yoimba ndi nthawi yotseka pakamwa. aNambewe, pamwambo wanuwo musaope kusiya kamphindi ka chete pakati pa ndime.

Thoko ku Japan:
Zoti si aliyense amafuna kuimbiridwa, kuno ndaziona. Pa 11 Malichi 2011 chivomezi cha mphamvu 9.0 chinautsa mafunde a tsunami amene anasesa gombe la kumpoto chakum'mawa. Akufa ndi osowa anaposa 18,000. Mu 2012 wailesi ya NHK inatulutsa nyimbo yotchedwa Hana wa Saku, yonena za maluwa amene adzaphukenso. Anaipeka ndi Kanno Yoko, mawu analemba ndi Iwai Shunji, onse awiri obadwira ku Sendai, m'dera lomwe linakhudzidwalo. Oimba ake anali anthu otchuka ochokera m'zigawo za Iwate, Miyagi ndi Fukushima, aliyense atagwira duwa m'manja, ndipo ndalama zake zinapita kothandiza okhudzidwa. Ndi nyimbo yokoma, ndipo mawu ake analembedwa ngati akuchokera kwa amene anamwalira.

Komabe mnzanga wina wa m'kalasi, kwawo ndi kugombe komweko, anandiuza kuti bambo ake ankazimitsa TV ikangoyamba. Ankati iwo akadali m'kanyumba kongoyembekezera, mkazi wawo sanapezeke, maluwa akewo ndi ati? Patapita zaka anayamba kuimvera, koma pa nthawi yawo.

Mayi a Pemphero ku Chilobwe:
Ine si za chivomezi, koma mu Malichi 2023 Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinatsikira pa ife usiku. Ku kampu kunkabwera makwaya. Ena ankafika, kuimba, kujambulitsa zithunzi, kukwera basi. Ena ankafika n'kukhala pansi nafe, kufunsa kuti mwataya ndani, dzina lake ndani, ankakonda nyimbo iti, kenaka n'kuimba imeneyo. Achiwiriwa sindidzawaiwala. Mchemwali wanga ankakonda nyimbo ina ya Mvano, ndipo atayiimba ndi pamene ndinalira koyamba chichitikire ngoziyo.

aNambewe ku Salima:
Pepani kwambiri mayi a Pemphero. Mulungu akutonthozeni.

Abusa opuma ku Nkhoma:
Pepani mwana wanga. Zikomo potiuza.

Mphunzitsi wa jogalafe ku Dedza:
Pepani mayi. Ndikufuna ndibwerere kwa bambo a Yamikani, chifukwa funso lawo lisatayidwe. Iwo akuti nyimbo siipulumutsa munthu. Pali malo amodzi amene inapulumutsa anthu masauzande.

Ku Indonesia kuli chilumba chotchedwa Simeulue, kufupi ndi Aceh. Mu 1907 chivomezi chinautsa mafunde amene anapha anthu ambiri pachilumbapo. Opulumuka sanaisiye nkhaniyo kuti ife. Anaiika m'nyimbo zogonetsera ana ndi m'ndakatulo zoimba za chikhalidwe chawo, ndipo mafundewo amawatcha smong. Uthenga wake ndi wachidule: nthaka ikagwedezeka kwambiri, nyanja n'kuphwa, usatole nsomba, thawira kumtunda. Agogo ankaimbira adzukulu, adzukuluwo n'kudzaimbira awo. Pa 26 Disembala 2004 chivomezi cha mphamvu 9.1 chinachitika pafupi kwambiri ndi chilumbachi. M'mayiko ozungulira nyanja ya Indian Ocean munafa anthu oposa 220,000. Pa Simeulue, pomwe pankakhala anthu pafupifupi 78,000, anafa 7. Midzi ya m'gombe inasesedwa, koma eni ake anali ali kale m'mapiri.

Ndipo tisadzinamize kuti kwathu kuno n'kotetezeka. Dziko lathu lili m'chigwa cha Rift Valley, pomwe nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo nyanja yathu inadzaza mumng'alu umenewo. Pali mng'alu wina wotchedwa Bilila-Mtakataka, wautali makilomita pafupifupi 100, umene ukudutsa m'munsi mwa mapiri a kuno ku Dedza kulowera ku Ntcheu. Akatswiri a za miyala amati ukhoza kubweretsa chivomezi chachikulu kuposa cha 1989. Salima sali kutali ndi pamenepo. Zivomezi zikuluzikulu kuno zimabwera patalipatali, ndiye m'badwo umene unaona umatha, wina n'kubwera wosadziwa kanthu. Ana a aNambewe ndi m'badwo umenewo.

Bambo a Yamikani:
Aphunzitsi, iyi yokha yandigwira. Ngati nyimbo ingasunge chenjezo zaka pafupifupi 100, ndiye imbani za khoma. Ine ndimaona tsiku ndi tsiku. Munthu amaumba zidina kapena kuotcha njerwa, n'kumanga ndi matope, khoma la njerwa imodzi yopingasa, m'makona njerwa zosalumana, lintala kungoika pamwamba pa chitseko ndi zenera m'malo mozunguliza nyumba yonse. Chibelo chachitali chopanda chochigwira. Mitengo ya denga kungoisanjika pakhoma, pamwamba pa malata n'kutsindikiza miyala. Nyumba yotere ikagwedezeka, makona amatseguka, chibelo chimagwera mkati momwe mwagona ana. Ukamuuza mwini wake kuti tiwonjezere matumba a simenti ndi zitsulo za lintala, amati ndalama zatha, koma pa khonde akufuna matailosi. Pambuyo pa Karonga boma ndi mabungwe anatulutsa malangizo a kamangidwe kotetezeka, koma amisiri a kumudzi angati anawaona? Mwina mwana akamaimba pakhomo kuti lintala izungulire nyumba, bambo ake adzachita manyazi.

aNambewe ku Salima:
Bambo a Yamikani, ndakumvani, komatu ndikuopa. Awa ndi mapemphero okumbukira akufa. Pakhala achikulire amene anataya abale awo usiku umenewo. Ndikaimitsa ana kutsogolo n'kumaimba za lintala ndi simenti, kodi sizimveka ngati tikuwauza kuti munapha abale anu ndi kamangidwe kanu? Abusa angotichenjeza kumene za kusenzetsa anamfedwa katundu.

Bambo a Yamikani:
Apo ndiye pavutadi. Sindinafune kutero ayi. Koma mwambo ukatha anthu adzabwerera m'nyumba zomwezo.

Abusa opuma ku Nkhoma:
Nonse awiri mukunena zoona. Ya lintalayo ndi ya pabwalo la sukulu, ana akamasewera, ndi pa msonkhano wa makolo. Ya pa mapemphero ikhale ina. Musaziphatikize.

Lusekelo wa ku Karonga:
Mayi, ine ndikanakhala inu sindikanayamba ndi kulemba. Ndikanatenga ana angapo, Loweruka masana, kupita nawo kwa agogo a m'mudzi amene anachiona cha 1989. Anawo afunse okha: munali kuti, munamva chiyani, munagona kuti mawa lake, munaimba nyimbo yanji. Inu muzingolemba mawu awo mmene akutulukira, osawakonza. Nyimboyo ili m'kamwa mwa agogowo. Ndipo ngati alola, mayina a amene anamwalira atchulidwe. Kwathu ku Karonga mwana uja anafa pa 8 Disembala amangotchedwa nambala m'malipoti, koma mayi ake anamupatsa dzina.

Thoko ku Japan:
Achimwene, zimene mwanenazi zinachitikapo ndendende. Ku Odaka, m'dera la Minamisoma ku Fukushima, anthu anasamutsidwa mu 2011 chifukwa cha ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya imene inatsatira tsunami. Ana a sukulu ya sekondale ya kumeneko anabalalikira m'dziko lonse, otsala ochepa n'kumaphunzirira pamalo obwereka. Anapachika mapu a Japan pakhoma n'kumata zithunzi za anzawo pamene aliyense anasamukira. Mphunzitsi wawo wa nyimbo, Oda Miki, ankalemba timawu timene anawo ankayankhula akamayang'ana mapuwo komanso timene ankalemba m'makope. Anatisonkhanitsa n'kuika nyimbo, ndipo anawo anaiimba potsanzikana ndi sukulu mu 2013. Dzina lake ndi Gunjo. Lero imaimbidwa ndi makwaya a sukulu m'dziko lonse la Japan, ndipo pamene pamalembedwa wolemba mawu pali ana a kalasi imeneyo.

Madalitso wa pa wailesi:
Mukakajambula agogowo pa foni, mawu awo musawataye mukamaliza kulemba nyimbo. Pemphani chilolezo chawo, ndipo ngati avomera nditumizireni, ndikayankhule ndi akuluakulu anga kuti tiulutse. Amene anali ndi zaka 30 mu 1989 lero ndi nkhalamba, sitikhala nawo nthawi yaitali. Foni muziyiika pafupi ndi pakamwa, pamalo opanda mphepo, ndipo ana asamawadule mawu.

Namwino ku Leeds:
Koma muwakonzekeretse anawo. Agogo ena akhoza kulira, ena akhoza kukana kuyankhula, ndipo wokana asakakamizidwe. Muyang'anenso pakati pa ana anu omwewo, mwina pali amene anataya abale pa madzi osefukira zaka zapitazi. Ameneyo nkhanizi zikhoza kumudzutsira zake.

aNambewe ku Salima:
Alipo awiri otere, ndiyamba ndakambirana ndi owasunga. Loweruka likubwerali ndikaonana ndi amfumu kuti atilozere achikulire oyenera. Ndikuganiza kuti pa mapemphero tidzayambe ndi nyimbo yakale imene agogowo atiuze kuti anaimba usiku umenewo, mpingo wonse uimbe nawo, kenaka ana adzaimbe yatsopanoyo. Kuno kuli Asilamu ambiri amene nawonso nyumba zawo zinagwa, ndiye ndikufuna mawu ake akhale oti mnansi aliyense akhoza kuwaimba osaona ngati si ake. Abusa, pamenepo mundithandiza?

Abusa opuma ku Nkhoma:
Ndikuthandizani. Mukalemba munditumizire, ndipo musonyezenso shehe wa m'dera lanulo musanayambe kuphunzitsa ana.

Mphunzitsi wa jogalafe ku Dedza:
Ya pabwalo la sukuluyo ndiitenga ine ndi bambo a Yamikani ngati avomera. Koma mawu onena zoyenera kuchita nthaka ikamagwedezeka tisawapeke tokha. Malangizo a m'nyumba yosanja ya konkire ndi a m'nyumba ya zidina ya chitseko chimodzi sangafanane m'zonse, ndipo mwana akaloweza cholakwika adzachita cholakwikacho. Ndikafunsa ku ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kwa DC kuti atipatse zimene a DoDMA amaphunzitsa.

Bambo a Yamikani:
Ndavomera. Ine kuimba sinditha, koma ndikulemberani zinthu zimene zimagwetsa nyumba, inu muziike m'nyimbo. aNambewe, buloko imene ana anu amaphunziriramo kwaya inamangidwa liti? Mundijambulire makona onse anayi, kunja ndi mkati, ndi pamene denga lakhalira pakhoma, munditumizire kuno ndione.